Netiweki Yodziwa Nkhope

Lachiwiri lapitali ndinalawirira ku ofesi ina ya boma dzuwa lisanatuluke, koma ndinapeza mzere utafika kale pamtengo wa mango. Cha m'ma 10 koloko mayi wa pawindo anasuzumira, chitumbuwa chili kutsaya: "Netiweki yavuta, dikirani."

Tili chidikirire, kunatulukira galimoto yakuda ya magalasi osaonetsa mkati. Munatsika bambo wa mimba yoti inayamba ndi iyo kulowa mu ofesimo, mwini wake n'kumabwera pambuyo ngati woperekeza. Mlonda, amene ifeyo ankangotiti "anthu inu", anaima njo, kuwerama, kulandira chikwama, kutsegula chitseko, zonsezi ndi manja awiri okha. Netiweki itangomva fungo la perefyumu inatsitsimuka. Bwana atatuluka, inakomokanso.

"Izi n'zadala," anatero agogo ena amene anakhala pa njerwa.

"Ayi agogo, boma silingakhale pansi n'kukonza zozunza anthu ake. Zimangochitika mwangozi," anayankha mnyamata wa tayi. Anthu a mtundu umenewu sasowa pamzere uliwonse: envelopu ya khaki kukhwapa, mabolopeni atatu m'thumba, nsapato yopukuta pamwamba koma pansi ikumwa fumbi. Njala ikumupotokola ngati tonsefe, koma amayankhira boma ngati ali pa malipiro.

Mwangozi! Ngozi yake ndi yophunzira bwanji, yodziwa mapu. Ku Lilongwe phula limayenda mokondwa mu Area 47, likangoona Mtandire limachita manyazi n'kubwerera. Mu 2013 ndalama za Cashgate zinachoka ku Capital Hill n'kukapezeka m'mabuti a galimoto. Kaya zinapunthwa n'kugwera momwemo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inalambalala magalimoto onse akuda n'kukagwera pamutu pa mayi wogulitsa tomato. Mphenzi yeniyeni imaphonyako nthawi zina, koma iyi ayi, nyumba yake ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka.

Pofika 3 koloko ukali wanga unali utatha, kutatsala njala. Mlonda uja anandiyandikira n'kunong'ona: "Bwana, ya Fanta ilipo?" Tsiku lonse aka kanali koyamba kutchedwa bwana, ndipo ndisaname, kanandikomera. K2,000 inatuluka yokha m'thumba. Podutsa pa agogo aja ndinachita ngati ndikuyankha foni.

Mkatimo netiweki inali bwinobwino, ndipo pampando wa kutsogolo panali patakhala kale wa tayi uja.