Wantchito Wathu Watsopano

Mphaka uja anafika pakhomo pathu mu Januwale, mvula ili pakati, atawonda ngati thumba la kholo limene langolipira fizi. Mayi a ana anati timusunge, azitigwirira makoswe amene ankatithera chimanga. Ine ndinavomera msanga, poti wantchito wosafuna malipiro sapezekapezeka.

Patha miyezi isanu tsopano. Khoswe sanagwirepo ndi mmodzi yemwe, koma akuti akuzolowerabe malo. Bonya sadya, amamutsegula m'mimba. Iye ndi wa usipa wofutsa ndi mutu wa chambo, umene kale unali wa mwini nyumba. Ana anga, amene sanatsukepo mbale chibadwire, amalimbirana kutsuka yake. Mpando wanga wa pabalaza ndi wake, ndipo ndikadandaula amandiuza kuti ndilankhule motsitsa, bwana agona.

Apongozi atabwera anamuyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati tikukudziwa kwawo kwenikweni kwa chinthu choyenda usiku chotere. Pofika madzulo anali atamufungatira pachitenje, akumutchula kuti mdzukulu.

Makoswe nawo anenepa. Dzulo tonse pabanja tinagwirizana zosonkherana ndalama ya msampha, kuopa kuti angamamusokoneze tulo.