Ofiira a ku Mars ndi Agogo a ku Joni

Agogo: Iwe, chibwerere kuno maso ali pa foni. Akukutumizira ndalama pamenepo?

Mdzukulu: Ayi agogo, ndikuwerenga buku. Mutu wake ndi Red Rising, analemba ndi Pierce Brown wa ku America. Linatuluka mu 2014.

Agogo: Buku lopanda mapepala. Chabwino, likuti chiyani?

Mdzukulu: Ndi nkhani yopeka ya m'tsogolo. Anthu anachoka padziko lino n'kukakhazikika ku Mars, pulaneti lofiira lija.

Agogo: Ankathawa chiyani? Ngongole?

Mdzukulu: Sankathawa, anakatsegula malo atsopano. Koma kumeneko anthu anawagawa m'magulu 14, gulu lililonse mtundu wake ndi ntchito yake. Pamwamba pali Agolide, olamula. Pansi penipeni pali Ofiira. Pakatipa pali Abuluu, Asiliva...

Agogo: Taima kaye. Ofiira, Abuluu, Asiliva? Bwanji osangonena kuti ndi nkhani ya mpira? Ofiirawo ndi Maule, Abuluu ndi Manoma.

Mdzukulu: Si mpira agogo! Abuluu amayendetsa zombo za mumlengalenga. Asiliva ndi osunga chuma.

Agogo: Ehe! Nanga Silver Strikers si ya banki yaikulu ija? Mwana wa a Brown ameneyu anafikako ku Lilongwe, usanditsutse.

Mdzukulu: Mundilole ndimalize. Akopa ndi a mafayilo m'maofesi, Otuwa ndi apolisi ndi asilikali, Achikasu ndi madokotala, Obiriwira ndi a makompyuta, Abulauni ndi antchito a m'nyumba. Ndipo si yunifolomu yoti madzulo uvula. Asayansi anasintha chibadwa chenicheni cha anthu. Wofiira amabadwa ndi tsitsi lofiira, maso ofiira, pamanja pali chizindikiro cha gulu lake. Wagolide amabadwa wamtali, wa mafupa olimba kwabasi. Wofiira ndi Wagolide sangaberekane n'komwe.

Agogo: Ngakhale mwana wa Wofiira atakhoza mayeso bwanji?

Mdzukulu: Mayeso ake ati? Wobadwa Wofiira amafa Wofiira.

Agogo: Bola kumeneko mbuzi zimapuma. Kuno khola langa lonse linathera fizi yako. Nanga Ofiirawo ntchito yawo n'chiyani?

Mdzukulu: Kukumba mgodi. Mwini nkhani ndi mnyamata wa zaka 16, dzina lake Darrow. Amakhala pansi pa nthaka pamalo otchedwa Lykos, thambo sanalionepo chibadwire. Amayendetsa chimakina choboola miyala, kufunafuna mpweya wotchedwa helium-3. Kumatentha moti amavala chovala chotseka thupi lonse, thukuta ndi mkodzo zonse zimathera momwemo.

Agogo: Sendera kuno. Wati mgodi? Bwanji sunayambire pamenepo, m'malo monditayitsa nthawi ndi Manoma?

Mdzukulu: Za Manoma munayambitsa ndinu.

Agogo: Usandiyankhe. Ine mgodi ndimaudziwa. Ndinapita ku Joni pa Wenela amayi ako asanabadwe, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown ndi anzathu. Kutentha ukunenako ndinakulawa. Unkavula jombo n'kukhuthula thukuta pansi. Tsono mnyamatayo amamulipira zingati?

Mdzukulu: Malipiro ake ndi chakudya cha muyeso basi. Koma amawalimbitsa mtima. Mumgodimo muli makanema, ndipo mayi wolamula dziko lonselo, Octavia au Lune, amaonekera pamenepo n'kumawatamanda kuti iwo ndi ngwazi, akukonza Mars kuti tsiku lina anthu adzathe kukhala pamwamba pake.

Agogo: Pamwambapo pali kale anthu.

Mdzukulu: Aa! Mwadziwa bwanji?

Agogo: Bwana akayamba kukutcha ngwazi, gwira thumba lako.

Mdzukulu: Ndi momwemodi. Pamwamba panakonzedwa zaka mazanamazana zapitazo. Pali mizinda, mitengo, nyanja, anthu akuuluka ndi nsapato zapadera. Okumba a pansiwo sanauzidwe. Ndiye palinso mpikisano. Mabanja a mumgodi anawagawa m'mafuko, ndipo fuko lokumba kwambiri limalandira mphotho yotchedwa Laurel, yomwe imabwera ndi chakudya chowonjezera. Darrow, wa fuko la Lambda, anaika moyo pachiswe mpaka anaposa onse.

Agogo: Koma mphotho inapita kwina.

Mdzukulu: Agogo, bukuli munaliwerenga?

Agogo: Ndi maso ati? Inapita kwa ndani?

Mdzukulu: Kwa a Gamma. Nthawi zonse imapita kwa a Gamma.

Agogo: Ndipo a Lambda akagona ndi njala amatukwana a Gamma, Agolide aja osawatchula n'komwe. Eti? Pamenepo mlembi wakoyo wandigwira mtima. Mukomboni ya mgodi umene ndinali ine, ankatigoneka mtundu ndi mtundu. Ife a ku Nyasaland chipinda chathu, Amashangani chawo, Abesuthu chawo, Amaxhosa chawo, gulu lililonse ndi nduna yake. Zikavuta, mkwiyo unkathera pa munthu wa chipinda chinacho, amene m'mawa mutsikira naye limodzi pansi. Ndipo lamulo la dzikolo linkati setifiketi yophulitsa miyala ndi ya mzungu yekha. Iwe uboole, iwe unyamule, iwe udziwe mwala umene ukufuna kugwa pongoumenya n'kumva kulira kwake, koma pepala ndi la wina. Sitinafunike maso ofiira ife. Khungu lomweli linkakwanira.

Mdzukulu: Komatu agogo, kusiyana kulipo. Kuja n'kwa sayansi yapamwamba, zombo, makina osintha thupi la munthu...

Agogo: Nzeru zonsezo, mpaka kufika ku nyenyezi, n'kukamanga komboni? Akanangondifunsa, ndikanawajambulira pamchenga pompano, ulere. Mnyamatayo ali ndi mkazi?

Mdzukulu: Anali naye, dzina lake Eo. Anamupachika chifukwa choimba nyimbo yoletsedwa pamaso pa bwanamkubwa, Nero au Augustus.

Agogo: Nyimbo?

Mdzukulu: Nyimbo basi. Ndiye poti ku Mars mphamvu yokokera zinthu pansi ndi yochepa, munthu wa makilogalamu 100 amalemera ngati wa 38, wopachikidwa safa msanga. Amasiyira abale ake kuti amukoke miyendo. Darrow anakoka yekha miyendo ya mkazi wake.

Agogo: Mayo ine. Zolemera pang'onozo ndimati ndizikonde chifukwa cha mawondo angawa, koma ayi, akhale nazo. Maliro anayenda bwanji?

Mdzukulu: Kuika munthu wopachikidwa n'koletsedwa. Darrow anakamutsitsa usiku n'kumuika m'manda, ndiye nayenso anamupachika.

Agogo: Basi buku latha?

Mdzukulu: Ndi pamene likuyamba. Sanafe. Mbale wa bambo ake anali atamumwetsa mankhwala, ndipo atadzuka n'kutuluka m'manda gulu la zigawenga lotchedwa Sons of Ares linamutenga.

Agogo: Kumwetsa munthu mankhwala, kumuika m'manda, n'kukamutenga usiku. Kwathu kuno zimenezo zili ndi dzina lake, ndipo si sayansi.

Mdzukulu: Ndi zachipatala agogo! Anamutengera kwa katswiri wina, Mickey, amene ntchito yake ndi kusema matupi a anthu. Anamuchotsa maso ofiira n'kumuika agolide, anamulimbitsa mafupa, anamutalikitsa. Kenako anamuphunzitsa kuyankhula, kudya ndi kuvina ngati Wagolide, n'kumulowetsa kusukulu ya ana a olamula kuti akawagwetse ali mkati.

Agogo: Hoo. Ndiye kuti Wofiira amveke, ayambe wasanduka Wagolide?

Mdzukulu: Ndi njira imene anaiona.

Agogo: Njira imeneyo ndikuidziwanso. Ifenso tinatumiza wathu kutauni kuti akamuseme. Anabwera ndi maso anayi, nsima akudya ndi foloko, akati apereke moni amangokweza dzanja ali chiimire. Tikudikirabe tsiku limene adzagwetse Agolide.

Mdzukulu: Magalasiwa ndi a dokotala, ndipo foloko ija ndinali ndi bala pachala.

Agogo: Sindinatchule dzina. Tsono anawagwetsa?

Mdzukulu: M'buku loyambali ayi. Nkhani ikupitirira mu Golden Son la 2015 ndi Morning Star la 2016, ndipo palinso ena pambuyo pake.

Agogo: Mabuku onsewo munthu mmodzi asanabwezere imfa ya mkazi wake? Mlembiyo amalipidwa pa tsiku, ndaona. Onse ali m'kafoni kakoko?

Mdzukulu: Onse, bola batire.

Agogo: Kaitchaje kugolosale, ndalama ndikupatsa. Madzulo ano undiyambire pa tsamba loyamba, m'Chichewa, osadumpha za a Gamma zija. Koma uyambe wakamwetsa ng'ombe. Pakhomo pano Wagolide ndine, iwe ndiwe Wofiira.