Luso Lotalikitsa Vuto la pip: Malangizo kwa Olemba Mapulogalamu Osafuna Kumaliza Msanga

Phukusi la Python likakana kulowa mu virtual environment, vutolo limatha m'mphindi zochepa ngati munthu wawerenga zimene kompyuta yalemba. Koma likasamalidwa bwino limatha kukhala sabata yathunthu. Popeza ntchito yotha msanga sipatsa munthu ulemu mu ofesi, wolemba mapulogalamu wofuna kuoneka wotanganidwa ayenera kudziwa katalikitsidwe ka vutoli. Choyamba ayenera kumvetsa kumene limachokera, kuti adziwe mbali yoti asayang'aneko.

Kumene vuto limachokera

Virtual environment ndi foda yosunga maphukusi a ntchito imodzi paokha, kuti asasakanikirane ndi a ntchito ina kapena a kompyuta yonse. Ian Bicking anatulutsa virtualenv mu 2007 ndi pip mu 2008, ndipo kuyambira pa Python 3.3 ya mu 2012, chida cha venv chili m'gulu la zida za Python yeniyeniyo. Munthu akalemba pip install, pip imapita ku PyPI, nkhokwe ya maphukusi a Python, kukafuna fayilo yoyenerana ndi kompyuta yake.

Mafayilo a kumeneko ndi amitundu iwiri. Wheel ndi phukusi lomangidwa kale, longofunika kumasula n'kuika pamalo pake. Sdist ndi code yosamanga. Kusiyana kwake kuli ngati kwa ufa ndi chimanga: wopatsidwa ufa amangotereka mphika, wopatsidwa chimanga ayambe wapeza chigayo. Chigayo chake pano ndi compiler ya C, C++ kapena Rust, pamodzi ndi mafayilo a header amene compiler imawerenga. Pip imayamba yafuna wheel, ndipo dzina la wheel limanena kompyuta imene inakonzeredwa: cp312 ndi Python 3.12, win_amd64 ndi Windows, manylinux ndi Linux. Ikasowa yogwirizana imatsitsa sdist n'kuyamba kumanga yokha. Ngati phukusilo lili ndi code ya C koma compiler palibe, sikirini imadzaza mizere, yomaliza n'kunena kuti "Failed building wheel". Luso limayambira pamenepa.

Njira yoyamba: kuwerenga mzere womaliza wokha

Mzere womaliza umangolengeza maliro, sunena matenda. Chifukwa chenicheni chimakhala m'mwamba, pamene mawu akuti error aonekera koyamba. Wotalikitsa vuto asakwerepo kumeneko, chifukwa zimene zalembedwako n'zomveka mochititsa manyazi.

Mwachitsanzo, mzere wakuti "fatal error: Python.h: No such file or directory" umatanthauza kuti ma header a Python palibe. Pa Debian ndi Ubuntu amapezeka mu python3-dev, pa Fedora mu python3-devel, ndipo lamulo limodzi lokha limawabweretsa. Phukusi la psycopg2, lolumikiza Python ndi PostgreSQL, limalemba kuti "pg_config executable not found", kenako limatchula lokha psycopg2-binary ngati njira ina kwa wosafuna kumanga. Pa Windows uthenga umati "Microsoft Visual C++ 14.0 or greater is required", n'kutchulanso dzina la zida zofunika, Build Tools. Munthu akawerenga mizere yotere ntchito imatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo masana onse amasowa chodandaula.

Pip imawonjezanso kamzere konena kuti vutolo lachokera ku pulogalamu ina imene yaitanidwa, ndipo mwina si la pip. Yankho loyenera la katswiri ndi kuchotsa pip n'kuiikanso.

Njira yachiwiri: kubwereza, kenako kuwonjezera sudo

Lamulo limene lakanika liyenera kulembedwanso chimodzimodzi, osasintha chilembo, mwina kompyuta yasintha maganizo. Likakanika kachitatu, patsogolo pake paikidwe sudo. Ubwino wa sudo ndi wakuti pa makompyuta ambiri a Linux imaitana pip ya kompyuta yonse, osati ya mu virtual environment. Choncho phukusi likalowa, limalowa kwina. Mwini wake amaona uthenga wa chipambano, amayendetsa pulogalamu, n'kulandira ModuleNotFoundError ya phukusi lomwe wangoliika kumene. Vuto limodzi labala lachiwiri, ndipo lachiwirilo limafanana ndi ufiti.

Okonza Linux anayesa kutseka mpata umenewu. Potsatira PEP 668, Debian 12 ndi Ubuntu 23.04, zonse za mu 2023, zimakaniza pip kuika maphukusi mu Python ya kompyuta yonse, n'kulemba uthenga wa externally-managed-environment wolangiza kugwiritsa ntchito venv. Mwamwayi anasiya khomo lotchedwa --break-system-packages. Wolowera pamenepo amatha kusintha maphukusi amene zida za Linux yeniyeniyo zimadalira, ndipo mawa lake amakhala ndi ntchito yokonza kompyuta yonse.

Njira yachitatu: Python ya dzulo, pip ya makedzana

Kuyambira pa 3.9, Python yatsopano imatuluka chaka ndi chaka mu October. Osamalira maphukusi, ambiri a iwo ongodzipereka, amatenga masabata kapena miyezi kuti amange ma wheel ake. Nthawi yabwino yoika Python yatsopano ndi tsiku lomwe yatuluka, pamene ma wheel ambiri kulibe ndipo chilichonse chiyenera kumangidwa pamanja. Walira mvula walira matope.

Python 3.12 ya mu October 2023 inathandiza kwambiri pa nkhaniyi. Inachotsa distutils, imene maphukusi akale ankamangira, ndipo venv yake inasiya kuika setuptools yokha. NumPy yoyamba kugwirizana nayo inali 1.26. Aliyense amene anaumirira NumPy yakale pa Python yatsopanoyo anapeza chochita usiku wonse.

Pip yokha ndiyo isakhudzidwe. Pip yakale sizindikira mayina atsopano a ma wheel, choncho imadutsa wheel yabwinobwino n'kukatenga sdist. Mu February 2021, cryptography 3.4 inayamba kufuna Rust pomanga, ndipo ambiri mwa amene anakhumudwa anali a pip yakale. Uthenga wa phukusilo unkayamba ndi kulangiza kuti pip isinthidwe ikhale yatsopano. Wodziwa luso amadumpha langizo limeneli, n'kuthera bandulo ya intaneti pa kutsitsa Rust.

Pamene zonsezi zakanika kubweretsa vuto, pali Alpine Linux. Alpine imagwiritsa ntchito musl m'malo mwa glibc, motero ma wheel a manylinux sagwira, ndipo phukusi lopanda wheel ya musllinux limamangidwa kuyambira pansi. Anthu amaisankha chifukwa ndi yaing'ono, kenako amaidzaza ndi ma compiler.

Njira yachinayi: requirements.txt yongoyendera mwayi

Fayilo ya requirements.txt ingalembedwe m'njira ziwiri zopindulitsa. Yoyamba ndi kulemba mayina a maphukusi popanda manambala a version, kuti tsiku lililonse libwere ndi zake. Mu June 2024 NumPy 2.0 inatuluka, ndipo maphukusi omangidwira NumPy 1 anayamba kukana kuyenda nayo limodzi. Amene sanaike malire pa version anangodzuka n'kupeza ntchito yawo itaima, chonsecho sanakhudze kanthu.

Njira yachiwiri ndi kukhoma manambala onse monga analili zaka zisanu zapitazo, n'kumayembekezera kuti agwira pa Python ya lero. PyYAML 5.4.1 ndi chitsanzo chabwino. Ilibe wheel ya Python 3.10 kupita m'tsogolo, choncho pip imaimanga, ndipo pomanga imatsitsa zida zomangira zatsopano kwambiri n'kuziika m'malo akanthawi. Chimodzi mwa zidazo ndi Cython, ndipo Cython 3.0 itatuluka mu July 2023, kumangako kunayamba kufera pa mawu akuti cython_sources. PyYAML 6.0.1 inatuluka mwezi womwewo n'kuthetsa nkhaniyo. Kusintha nambala imodzi mu fayilo kukanakwanira, n'chifukwa chake fayiloyo iyenera kulemekezedwa ngati wilu ya malemu, yosati n'kusinthidwa ndi amoyo.

Njira yachisanu: kusunga virtual environment ngati chuma cha banja

Virtual environment inapangidwa kuti izitayidwa. Kuifufuta n'kupanga ina ndi python -m venv kumatenga kanthawi kochepa, ndipo maphukusi amabwereranso kuchokera mu requirements.txt. Wotalikitsa vuto asalole zimenezi. Fodayo aikonde, aisinthe dzina, aisamutsire kwina, aikopere pa flash n'kupatsa mnzake wa kompyuta yamtundu wina. Mafayilo a m'kati mwake, monga activate ndi pip, amasunga adiresi yonse ya pamene fodayo inabadwira. Ikasamutsidwa amalozabe kumalo akale, ndipo chilichonse chochitika pambuyo pake sichimveka mutu wake.

Asafunsenso kuti Python imene ikuyenda ndi iti. Lamulo la which python pa Linux ndi macOS, kapena where python pa Windows, limayankha funsoli nthawi yomweyo. Kulemba python -m pip m'malo mwa pip yokha kumatsimikiza kuti phukusi likupita ku Python yomweyo. Pa kompyuta yokhala ndi ma Python atatu, kusadziwa zimenezi kumapereka ntchito ya masiku angapo.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kafunsidwe ka thandizo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti wofunsa apereke zonse zofunika. Mnzake wa mu ofesi atumiziridwe chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni, chopendekeka, chowala pakati, chosonyeza mizere itatu yomaliza. Pansi pake palembedwe kuti: "Achimwene, sizikutheka." Version ya Python, mtundu wa kompyuta ndi lamulo limene linalembedwa zisatchulidwe mpaka atafunsa kawiri. Wofunsidwayo nayenso ali ndi gawo lake. Ayankhe kuti: "Koma kwa ine zikugwira bwinobwino," kenako apite kukamwa tiyi.

Zoyenera kupewa

Pali zinthu zingapo zimene zimapha vuto nthawi yomweyo, ndipo wofuna kulisunga azithawe. Choyamba ndi kukwera m'mwamba mpaka pa error yoyamba n'kuiwerenga modekha. Chachiwiri ndi kusintha pip, setuptools ndi wheel kuti zikhale zatsopano m'kati mwa virtual environment. Chachitatu ndi kuyesa pip install --only-binary :all:, imene imakaniza kumanga, motero imaulula msanga ngati wheel yoyenera ilipo kapena ayi. Wheel ikasowa pamatsala njira zitatu zokha: kusintha version ya phukusi, kubwerera ku Python imene phukusilo limaidziwa, kapena kuika zida zomangira, monga build-essential pa Ubuntu ndi xcode-select --install pa macOS. Choopsa kuposa zonse ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kulemba chimene chagwira, chifukwa kutero kumalanda ngakhale obwera m'mbuyo mwayi wovutika.

Wotsata njira zisanu ndi imodzi zija amafika Lachisanu ali ndi ma Python anayi, Linux yolumala ndi mbiri ya munthu wolimbikira ntchito. Wowerenga uthenga amaweruka pa nthawi yake, ndipo palibe amene amadziwa kuti panali vuto. Kwa onse awiri, chimene chinasowa chinali chitalembedwa pa sikirini kuyambira Lolemba m'mawa.