Mbama kaye, chikondi pambuyo

Tiyeni ku Thailand, kumene nkhani za madzulo zikangotha cha m'ma 8:30, banja lonse limakhala pansi kuonera lakorn, masewero a pa kanema a anthu okondana mokukutirana mano. Mlendo wina anafika m'mudzi wina kufupi ndi Khon Kaen nthawi ngati imeneyo. Panja panali zii, koma m'nyumba iliyonse mukumveka amayi akulira. Anavula chipewa n'kugogoda pakhomo loyamba. "Pepani ndi zovutazi, mayi. Watisiya ndani?" Mayiyo anapukuta misozi. "Palibe wamwalira, bambo. Mnyamata wankhanza uja wagwada, wapepesa." "Nanga mukuliriranji?" "Akapepesa ndiye kuti sewero latha. Sabata yamawa tizidana ndi ndani?"

Ku Phuket nako. Mu sewero la Jam Loey Rak la 2008, Harit amaba Soraya n'kukamutsekera pachilumba, poganiza kuti ndi Sansanee, msuweni wa mtsikanayo, amene anachititsa kuti mng'ono wa Harit adziphe. Waba wolakwika, koma mapeto ake n'chikondi. Sewerolo litatha, mayi wina wosakwatiwa anayamba kufika padoko m'mawa uliwonse, sutikesi m'manja, tsitsi atakonza. Tsiku lachinayi mlonda analephera kupirira. "Mayi, mukudikira boti liti?" "Sindikudikira boti, achimwene. Msuweni wanga wakhumudwitsa amuna olemera atatu m'tauni muno. Mmodzi yekha angosokoneza nkhope."

Wapolisi wina ku Bangkok ankaonera sewero lomwelo ndi mwana wake wa zaka 7, yunifomu ali chivalire. Mwanayo anaonera, anaonera, kenako anatembenuka. "Adadi, munthuyu waba mtsikana kalekale, akumugwiritsa ntchito yakalavulagaga, akumulalatira. Apolisi ali kuti?" Bamboyo anasuzumira kukhitchini, n'kutsitsa mawu. "Mwanawe, ife komwe ali tikukudziwa. Koma tikamugwira lero, amayi ako mawa aonera chiyani?"

M'masewerowa, mtsikana akamenya mbama, mnyamata amabwezera pomupsompsona. Mkulu wina wa ku Nakhon Pathom analowa m'nyumba 2 koloko usiku, fungo la mowa lili patsogolo. Mkazi wake anamulandira ndi mbama, phaa! Mkuluyo anamwetulira, anatsinzina, n'kusongola milomo. Phaa inanso! "Akazi anga, mwasokoneza. Pa kanema mbama ikatha pamabwera kupsompsonana." "Zimenezo n'za mwini sewero," anatero mayiyo akukonza dzanja lachitatu. "Inu ndinu dalaivala wake."

Mu Sawan Biang wa 2008, Kawee, yemwe ndi Ken Theeradeth, anakana Leela mwachipongwe. Leela sanalongolole: anangokwatiwa ndi bambo ake a Kawee, n'kulowa m'nyumbamo ngati mayi womupeza. Ukali wonse Kawee anakauphwetsera pa mng'ono wa Leela, Narin, yemwe ndi Ann Thongprasom. Nkhalamba ina ya zaka 72, imene mkazi wake anamwalira kalekale, inaonera zimenezi makutu ali tcheru, kenako inaitana mwana wake. "Mwana wanga, mtsikana wa kubanki uja amene amakufuna, ukamukane, ndipo ukamukane mwamwano ndithu. Ukatero umuuze kuti ine madzulo ndimapezeka pakhomo."

Sewero lomweli Channel 7 inali italionetsa kale mu 1998 ndi osewera ena, Channel 3 isanalibwereze mu 2008. Agogo ena a ku Lampang anaonera konsekonse. Pamene Narin ankakhululukira Kawee kachiwiri, agogowo anamenya tebulo mpaka makapu kudumpha. "Mtsikana ameneyu alibe makutu! Zaka 10 zapitazo ndinamulangiza usiku ndi usiku kuti mwamunayu ndi chilombo. Wandithawa ku 7, wakasintha nkhope, wapita ku 3 kukachita zomwezo!"

Mu Kleun Cheewit wa 2017, Yaya Urassaya amagunda mtsikana ndi galimoto, ndipo loya amene anali pachibwenzi ndi malemuyo, Mark Prin, amalumbira kuti amukhaulitsa. Mathero mukuwadziwa kale. Mtsikana wina anagunda tuk-tuk kumbuyo pamsewu wa Sukhumvit. Mwini wake anatsika maso ali psuu. "Ndipatse 3,000 baht pompano!" "Mwandida, achimwene?" "Kwambiri!" "Mundisakasaka usana ndi usiku?" "Mpaka kumanda!" Mtsikanayo anatulutsa foni m'chikwama. "Amayi, yambani kufunsa mitengo ya diresi la ukwati."

Raeng Ngao wa 2012 ndiye anagwedeza maofesi. Janie Tienphosuwan ankasewera mapasa: Muta wofatsa, amene anadzipha atanyengedwa ndi bwana wake wapabanja, ndi Munin wolusa, amene anafika kuofesi ngati Muta kudzalipsira. Sekilitale wina wofatsa ku Bangkok anabwerako kutchuthi atapaka milomo yofiira, nsapato zagogoda zikulira kho kho kho. Bwana atamuona, thukuta linali kamukamu. Anamuitana, anamupepesa zolakwa za zaka 5, anamukwezera malipiro, n'kumupatsanso ndalama ya maluwa oti akaike pamanda a mbale wake. Mtsikanayo, yemwe kwawo anabadwa yekha, anangolandira. M'mawa mwake ofesi yonse inabwera itapaka milomo yofiira, ndi mlonda yemwe.

Mtsikana wina amene amasewera mbali ya wolanda amuna a eni anapita kumsika ku Nonthaburi kukagula durian. Mayi wogulitsa atamuzindikira anabweza chipatsocho, n'kutola khoko lake laminga. "Ine sindigulitsa kwa anthu opasula mabanja!" "Mayi, lija ndi sewero chabe." "Sewero? Nanga mimba ija?" "Inali pilo, mayi. Amangondimangirira m'kati mwa diresi." Mayiyo anakwera pabenchi n'kutembenukira msika wonse. "Mwamva, anzanga? Ndi mimba yomwe anamunamiza mwana wa eni!"

Mu 2008 bungwe la ogwira ntchito ku Thai Airways linakadandaula ku unduna wa zachikhalidwe chifukwa cha sewero la Songkhram Nang Fah, momwe atsikana ogwira ntchito m'ndege ankachapana mbama polimbirana woyendetsa ndege. Agogo ena atakwera ndege koyamba kupita ku Chiang Mai anakana chakudya, anakana tulo, maso ali pa atsikanawo. Ndege itatera anakoka mmodzi dzanja. "Mwanawe, ola lathunthu osamenyana ngakhale kamodzi?" "Ife sitimenyana, agogo." Agogowo anapukusa mutu mwachisoni. "Ndiye kuti woyendetsayu ndi wonyansa ndithu."

Mmonke wina wachibuda ku Sukhothai analalikira za kubwezera. Anati munthu wosunga mangawa amayamba ndi ukali, amazunza wosalakwa, amazindikira mochedwa, kenako amagwada misozi ili mbwembwembwe kupempha chikhululukiro. Amayi a m'mudzimo anatuluka m'kachisi nkhope zili ndwii. M'mawa mwake mmonkeyo poyenda ndi mbale yake yolandirira chakudya, khomo lililonse anangomuikira mpunga wopanda ndiwo. Kamnyamata ka pakachisi kanabwerera kukafunsa chimene chalakwika, ndipo amayiwo anakayankha. "Ukawauze kuti ife tili pa gawo la 6, iwo atiuziratu mathero."

Pa kanema, mwamuna wofuna kukhululukidwa amaima pageti mvula ikumukhuthukira. Mkulu wina wa ku Chiang Mai analakwira mkazi wake mu January, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Anadikira, anadikira, mpaka pa 13 April, tsiku la Songkran, pamene dziko lonse limathirana madzi polandira chaka chatsopano. Anaima pageti, ana anamukhuthulira ndowa zisanu, iye n'kuyamba kufuula dzina la mkazi wake. Mayiyo anasuzumira pawindo, anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. "Ndikhululukire uti? Msewu wonse wanyowa."

Mnzake wa mkulu ameneyu anasankha njira ya chipatala, poti pa kanema mwamuna akangogonekedwa, bandeji kumutu, mkazi amaiwala zonse. Anadzikulunga bandeji mpaka kutsala diso limodzi, anagona pabenchi ya odwala, n'kutuma mlamu wake kuti aimbe foni. Mkazi anafika akuthamanga, nsapato imodzi m'manja. Anagwada, anamugwira dzanja, anabweretsa khutu pafupi. "Amuna anga, musadzitopetse ndi mawu ambiri. Manambala a khadi la kubanki okha basi."

Mu Game Rai Game Rak wa 2011, Nadech Kugimiya amatola m'mphepete mwa nyanja mtsikana amene waiwala zonse, ndi dzina lake lomwe. Mkulu wina wa ku Rayong anamwera malipiro onse, ndipo pofika pakhomo anadzigunditsa mutu pachitseko mwadala. "Ndalama zili kuti?" anafunsa mkazi wake. Iye anaphethira pang'onopang'ono. "Ndinu ndani, mayi? Kuno n'kuti?" Mayiyo sanachedwe. "Ine ndine bwana wako, iwe ndiwe wantchito wa pakhomo pano. Mbale zili apo, zochapa zili uko." Nzeru zinabwerera pa poto wachitatu.

Mu 2014 Prayut Chan-o-cha, yemwe anali nduna yaikulu, anadandaula kuti masewerowa amalimbikitsa mikangano, n'kunena kuti zikavuta alemba yekha ena oyanjanitsa anthu. Mayi wina wogulitsa chakudya cha som tam ku Udon Thani atamva nkhaniyi anasiya kamunsi m'kamtondo. "Sewero lopanda mbama? Wina osathira mnzake madzi kumaso? Osakokana tsitsi?" "Inde, mayi," anatero kasitomala. "Aliyense azilankhula mwaulemu." Mayiyo anakanda m'mutu. "Nanga tizidziwa bwanji kuti akondana?"

Chaka chomwecho anthu masauzande anasaina chikalata chodandaula kuti masewero ambiri amaonetsa mwamuna wogwirira mkazi ngati ngwazi ya chikondi. Olemba masewero a kampani ina anaitanidwa kumsonkhano wadzidzidzi. Kamnyamata katsopano kanakweza dzanja. "Bwana, bwanji mnyamatayo angomupatsa moni mtsikanayo, amufunse bwinobwino ngati analakwadi, mtsikanayo afotokoze, nkhani ithe?" M'chipindamo munangoti zii. Bwana anavula magalasi. "Zimenezo ndi mphindi 4. Magawo 14 otsalawo tizionetsa zanyengo?"

Bupphesanniwat wa 2018 anapengetsa dziko. Mzimu wa mtsikana wa masiku ano umabwerera m'mbuyo zaka zoposa 300, nthawi ya Mfumu Narai ku Ayutthaya, n'kulowa m'thupi la Karaket, mkazi wankhanza, amene mwadzidzidzi amasanduka wokoma mtima. Anthu anakhamukira ku Wat Chaiwatthanaram atavala zachikale kukajambulitsa. Mkulu wina anadzuka n'kupeza mkazi wake wolongolola uja wamuphikira phala la mpunga, akumwetulira. Anamugwira dzanja n'kunong'ona: "Kaya mwachokera chaka chanji, chonde musabwerere." "Amuna anga, ndipatseni 2,000 baht ya zovala za ku Ayutthaya." Mkuluyo anausa moyo. "Wabwerera mwini thupi."

Mayi wina wolemera wa ku Bangkok anatsika galimoto m'mbali mwa munda wa mpunga ku Roi Et, magalasi akuda kumaso, envelopu m'manja. Ankayembekezera za pa kanema: mtsikana wosauka kung'amba cheke uku akulira. "Nayi 500,000 baht. Mwana wanu amusiye mwana wanga." Bambo wa mtsikanayo anawerenga maziro kawiri, anamangirira njati yake pamtengo, n'kuyala mphasa. "Khalani pansi, mayi. Ndili ndi ana aakazi ena atatu, ndipo onse ndi okonzeka kumusiya pamtengo womwewo."

Amalume ena ku Surin anadya nkhanu zogona, ndipo madzulo ake anathamangira kuseri kwa nyumba dzanja lili pakamwa. Kamtsikana ka zaka 6, kokulira patsogolo pa kanema, kanawaona. Kanafika kwa agogo ake kali wefuwefu. "Agogo, amalume ali ndi pakati! Koma musauze munthu. Mwini mimbayo amayenera kudziwa gawo lomaliza."

Mnyamata wina atamva kuti chibwenzi chake chalongedza katundu, anakwera takisi. "Ku Suvarnabhumi, achimwene, ndipo pondani!" Msewu wa Bangkok unawasunga maola awiri. Atafika anathamanga bwalo la ndege lonse akufuula dzina la mtsikanayo, mpaka alonda anamugwira. Anaimba foni akulira. "Wokondedwa, usakwere! Uli geti iti?" "Geti yanji? Ine ndili m'basi ku Mo Chit, ndikupita kwa amayi. Ndalama ya ndege unandipatsa liti?"

Winanso anaonekera kukhoti ku Ubon Ratchathani ataswa mawindo a nyumba ya chibwenzi chake chakale. Anagwada, analira, anadziguguda pachifuwa. "Bwana woweruza, zonsezi ndinachita chifukwa ndimamukonda. Pa kanema amakhululuka." Woweruzayo, yemwenso saphonya gawo, anatsegula failo. "Uli ndi chilumba?" "Ayi, bwana." "Kampani ya bambo ako?" "Ayi." "Galimoto?" "Njinga, bwana." "Ndiye chimenecho si chikondi, ndi mlandu. Miyezi 6."

Tikatsikire ku Phetchaburi, kumene agogo awiri ankakondwerera zaka 50 ali m'banja. Mdzukulu anafunsa: "Agogo, inu munayamba ndi kubwezerana chiyani?" Agogo aamuna anaseka. "Ife ayi, mdzukulu wanga. Ndinawafunsira mwaulemu, iwo anandilola tsiku lomwelo." Agogo aakazi anapitiriza kusenda mango osadzutsa mutu. "Mu 1973 njati yanu inadya mbande zanga zonse za mpunga, inu osapepesa." "Nanga munandiloleranji, akazi anga?" "Mukuganiza kuti zaka 50 zonsezi ndakhala ndikuchita chiyani?"