Bandi ikafika, nkhuku zanga zimathawira kuphiri

Ndikupempha munthu mmodzi wophunzira, kaya wa ku Capital Hill kaya mphunzitsi wa masamu, andikhazike pansi n'kundiuza mosathamanga kuti kuvina kwafika bwanji pa K5,000. Za feteleza ndinaleka kufunsa. Za shuga ndinazisiya m'manja mwa Mulungu. Koma kuvina? Miyendo ndi yanga, thukuta ndi langa, fumbi ndi lathu lomweli la pa Kasakula, limene makolo anatisiyira ulere. Kapepala ka K5,000 katangotuluka mu 2022, ena tinkakaonera patali m'manja mwa mavenda ogula soya, ndipo ukakagwira unkakapinda bwinobwino n'kukabisa m'Baibulo. Lero kamnyamata ka pageti kakungolandira osayang'ana n'komwe nkhope ya woperekayo.

Ndinakafunsa. Kanati, "Madala, ndi petulo."

Masiku ano funso lililonse m'dziko muno yankho lake ndi petulo. Tomato akakwera, petulo. Wometa ndi lezala pansi pa mtengo akakweza, petulo. Kwa oyimba okha ndimavomereza pang'ono, chifukwa jenereta samwa thobwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lita ya petulo inafika pa K2,530, ndipo chiyambire pamenepo mtengowo sunacheukenso. Umenewo unali mtengo wa papampu. Ife kuno kumapiri pampu yathu ndi chigubu, ndipo mtengo wa m'chigubu umatengera mmene mwini wake wadzukira.

Musaganize kuti ndikulira chifukwa ndimalipira. Ine sindilipira. Ine ndine mnzawo wa oyimba.

Sindikunena akuluakulu amene mumawamva pa wailesi. Iwowo amakonda kumene kuli tala ndi madzi osamba otentha. Anzanga ine ndi aja opanda bwana, opanda kampani, amene amajambulitsa nyimbo ndi ndalama za ganyu n'kubwereka masipika kutchalitchi. Amayamba kutulukira mu Meyi, soya ndi mtedza zikakwera pa sikelo, fodya akapita ku okushoni, chifukwa amadziwa kuti nyengo imeneyo ngakhale mlesi amayenda ndi kenakake m'thumba. Amabwera pa minibasi yolira mochita kukankha, ng'oma pamwamba, wa kiyibodi atapanikizika pakati pa jenereta ndi chigubu. Akatsika amazindikira kuti ndalama ya malo ogona inathera pa tayala limene linaphulika asanafike n'komwe ku Dowa. Apa m'pamene ndimatulukira ine. Ndimasenza sipika imodzi pamutu, n'kuwauza kuti kunyumba kuli mphasa.

Tsono mlendo kwathu kuno sadyera nsima chisoso. Mlendo amagwirirwa nkhuku, ndipo nthutumba ndi yake.

Choncho, abale anga, amene mumafunsa kuti thumba lothandizira luso m'Malawi muno lili kuti, bwerani mudzalione. Lili kuseri kwa nyumba yanga, lomangidwa ndi nsungwi, lofoleredwa ndi udzu, ndipo chuma chake chonse chili ndi nthenga. Msungichuma ndi aNabanda, mayi a kunyumba, amene sanasankhidwe ndi munthu koma palibe angawachotse. Iwo amati adani a nkhuku pakhomo pano ndi atatu: chitopa, mphamba ndi oyimba. Chitopa chili ndi katemera. Mphamba ukamukuwiza amathawa. Oyimba ukawakuwiza amayesa wakondwera, amabwerezanso.

Nkhukuzo nazo si zopusa, zinaphunzira. Pamsika pakangomveka "wani, thuu, wani, thuu," tambala amatsogola, mathadzi pakati, anapiye pambuyo, ulendo wa kuphiri. Mlaliki akamayesa maikolofoni yake sizitekeseka. Wogulitsa mankhwala a makoswe akamalengeza zimangopalasa. Koma gitala ya besi ikangoti duu, pabwalo pamatsala nthenga zokha. Anthu andionapo ndikulumpha mizere ya mbatata kuthamangitsa thadzi, bambo wa ana akuluakulu ine, wa ng'oma atakhala pampando wanga pakhonde langa akundilangiza kuti, "Madala, itsekereni kumanzere!"

Khola limeneli landisandutsa katswiri wa nyimbo, ndipo ndimazigawa potengera kadyedwe. Oyimba zauzimu amapemphera nthawi yaitali, kudalitsa manja amene aphika, kudalitsa khola kuti lichuluke, kenaka n'kulichepetsa. Oyimba rege, amene aliyense amalota kukhala Evison Matafale wachiwiri, anandisangalatsa atanena kuti iwo nyama sadya. ANabanda anaimba nthungululu. Pofika m'mawa nyemba za mbewu zinali zitatha, mtedza wa mbewu nawonso, ndipo zinadziwika kuti dalaivala ndi wa kiyibodi sanali marasta. Nkhuku inafabe. Ndiye pali anyamata a masiku ano, opanda gitala, opanda ng'oma, bandi yonse ili m'kafulashi. Iwowa nsima amangoinyemanyema. Chimene amafuna ndi potchajira foni komanso chulu chimene pamwamba pake pamagwira netiweki. Ndinati khola lapulumuka, mpaka mmodzi anafunsa ngati mazira alipo. Awa ndiye oopsa kwambiri, amadya ndi tsogolo lomwe.

Mukufunsa za malipiro anga. Alipo. Pakati pa shoo, woyimba amaimika nyimbo, n'kuloza kumene ndaima, n'kunditchula pa maikolofoni. Dzina langa palibe bandi imene inalitchulapo bwino. Ena ananditchula dzina la mlamu wanga, amene sanaperekepo ngakhale dzira, ndipo anaimirira n'kugwedeza mkono. Mapeto ake onse anagwirizana zongonena kuti "madala a nkhuku," ndipo tsopano ndi mmene ana a sukulu amandipatsira moni. Amandisiyiranso ma CD, ngakhale kunyumba kulibe choyimbira. ANabanda anawaboola n'kuwapachika pa khola kuti kunyezimira kwake kuziopseza mphamba. Ndi pokhapo pamene luso la m'dziko muno labwezerapo kanthu kwa nkhuku.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi nkhani ya Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, Yosefe Kalekeni ndi gitala komanso ng'oma yomenya ndi chidendene, anayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe anthu akungodutsa. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo akhala akukwera ndege kukavinitsa azungu ku Ulaya. Ine ndimawerengera chonchi: m'masiku a m'misewu aja, alipo ndithu munthu wina amene anawapatsako chakudya. Ndiye bandi iliyonse ikagona pamphasa panga ndimaiyang'anitsitsa, kuti mwina ndi imeneyi.

"Anzanuwo akadzakwera ndege, abambo, inu adzakutengani m'malo mwa chiyani?" anafunsa aNabanda akusosola nthenga.

"Manejala."

"Ku Ulayako nkhuku amachita kuthamangitsa?"

Sindinayankhe. Munthu wamkulu sayankha chilichonse.

Ndinayesapo kuyendetsa ubwenziwu mwa bizinesi. Nzeruyo ndinakaitola ku Dzaleka, ku Dowa, kumene kumachitika Tumaini Festival, chikondwerero chimene anayambitsa mu 2014 Menes La Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku Congo. Kumeneko pageti salipiritsa, oyimba a mayiko osiyanasiyana amasinthana pa siteji, ndipo malo amene nthawi ya Kamuzu anali ndende amadzaza ndi anthu ovina. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi china. Alendo ofuna kugona amalandiridwa m'nyumba za mabanja a mumsasamo, ndipo amalipira. Amalipira! Ndinabwerako nditalemba mitengo pa katoni: mphasa mwakuti, madzi otentha mwakuti, nkhuku yathunthu mwakuti, nthutumba payokha. Bandi yotsatira inawerenga katoniyo mwaulemu, mtsogoleri wawo n'kundigwira paphewa.

"Madala, zimenezi n'za alendo. Ife ndi ana anu."

Katoniyo tinayatsira moto wowaulira nkhuku yomweyo.

Nanga n'chifukwa chiyani sindisiya? Amene sanaonepo shoo ya kumapiri m'mwezi wa Julayi sangamvetse. Kunja kuli chisanu chofika m'mafupa, mpanda wa masaka ukugwedezeka ndi mphepo, babu limodzi likulendewera pa nsungwi. Amayamba mochedwa, chifukwa waya wina wasowa ndipo wa njinga yamoto amene anatumidwa petulo sanabwere. Akayamba, nyimbo ziwiri zoyamba anthu amangoima manja m'thumba, kuyesa alendowo. Kuno n'kwa gule, kwa chimtali ndi mganda, ng'oma yonama timaimva isanathe kulira. Ikagwira, amayamba ndi agogo ena amene analowa kudzafuna mdzukulu. Kenaka amayi a zitumbuwa amasiya mabeseni. Kenaka mphunzitsi wamkulu, amene masana onse amanena kuti iye zoterezi sakonda. Nyimbo ili pakati jenereta amatsokomola n'kuzima, mdima bii. Palibe amachoka. Wa ng'oma amapitiriza, amayi amalandira nyimbo imene angoimva kumene, mafoni amayatsidwa, ndipo mnyamata uja amene masana anali kupempha sopo kwa aNabanda amayimba ndi mawu ake enieni, opanda sipika, bwalo lonse likumuyankha. Pa nthawi imeneyo ndimakhululukira aliyense, ngakhale wa ng'oma.

Koma mnzawo wa oyimba amaonanso zimene ovina saona. Anthu akabalalika, ndalama za pageti amaziwerengera pakhonde panga, kuchokera m'jumbo, ndi kuwala kwa foni. Amachotsa ya minibasi. Amachotsa ya petulo. Amachotsa ya mwini malo, ya masipika obwereka, ya alonda, ya mapositala. Bwalo linali lodzaza, koma jumbo n'njopepuka, chifukwa achibale a wa pageti analowa ulere, operekeza akuluakulu analowa ulere, anyamata anang'amba saka kuseri, ndipo ena ambiri anadikira kunja mpaka geti itatsegulidwa nyimbo zitatsala ziwiri. Chotsala amagawana mwakachetechete. M'mawa amanyamuka ngati mkamwini wothamangitsidwa, bulangete paphewa, m'thumba mbee.

Apa ndileke kaye nthabwala. Ife Amalawi nyimbo timazikonda, koma woyimba timamudyera masuku pamutu. Timapita kwa obana nyimbo kumsika, kudzazitsa memori khadi ndi thukuta la anthu ambirimbiri pa mtengo wa botolo limodzi la zakumwa, woyimbayo osaonapo kanthu. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, silingaike mlonda pa benchi iliyonse. Andale amawafuna oyimba nthawi ya kampeni kuti awaitanire anthu, mavoti akawerengedwa nambala zawo amazifufuta. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, wayimba moyo wake wonse, koma ambiri tinamukumbukira Patience Namadingo atayimba naye mu 2020, mkuluyo ali ndi zaka 90, ndipo nyimbo yake ya Linny Hoo itafalikira pa TikTok m'pamene tinayamba kunena kuti ndi wathu. Timadikira kuti akunja awombe m'manja, kapena kuti maliro alengezedwe, ndiye tithamange ndi nkhata za maluwa ndi malankhulidwe aatali. Mnyamata wayenda msewu wa fumbi usiku kuti adzatisangalatse ife amene oyimba otchuka sationa. Ngati tili ndi ya mowa, tili ndi ya pageti. Tizilipira akadali moyo, akadali ndi njala.

Mawu amenewa ndinawalankhulanso kunyumba, ndi mphamvu zomwezi, nditaimirira. ANabanda anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndalankhula zanzeru, ndipo kuti oyimba ayeneradi kuthandizidwa mwadongosolo. Sabata yomweyo anagula chiwaya.

Tsopano bandi ikabwera, nkhuku imagwidwabe, ndipo woithamangitsa ndi ine ndemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti imakazingidwa pafupi ndi geti, n'kugulitsidwa chiwalochiwalo kwa ovina. Pa phindu lake aNabanda amapatulako ya malita angapo a petulo n'kupereka kwa mtsogoleri wa bandi pamaso pa anthu, ndipo dzina lawo pa maikolofoni limatchulidwa bwinobwino, osalakwitsa, ndi nthungululu pamwamba. Oyimba amadya pangongole. Ngongoleyo amalemba m'kope, patsamba limene pamwamba pake pali dzina langa.

Usiku wa shoo yapitayi ndinapita pachiwayapo ndili ndi njala, n'kuloza nthutumba ya tambala amene ndinamulera ndekha kuyambira ali mwanapiye.

"Imeneyo ndasungira wa ng'oma," anatero aNabanda. "Inu tengani khosi. Mulipira pompano kapena ndilembe?"