Zotuluka pakhomo pano m'mwezi wa Hilux

Manozo anayi atsopano a injini ya 3L: K260,000. Ndalama zachokera ku mtedza wa chaka chino.

Mahita pulagi anayi: K72,000. Bambo a ana akuti galimoto iziyaka yokha m'mawa wa Juni, osakankha. Ana a sukulu omwe ankalandira masuwiti akakankha sanafunsidwe maganizo.

Mawashala amkuwa anayi: K6,000. Akale sabwezeredwa, poti akafinyidwa kamodzi ntchito yawo yatha.

Palafini wa nyali, botolo limodzi, wothira mozungulira manozo akale kuti dzimbiri lifewe: sanalipiridwe, anangotengedwa pa shelefu. Manozo atazuka, palafiniyo anatsikira m'masilinda pamodzi ndi mwaye wake.

Mayunitsi oimbira amakaniko: K2,000. Mawu awo oyamba anali akuti kiyi asakhudzidwe. Injini iyi ndi ya malita 2.8, masilinda anayi, ndipo imapanikiza mpweya mpaka uchepe ka 22. Pisitoni ikafika pamwamba, malo otsala ndi a masipuni aakulu awiri basi. Mpweya umalola kupanikizidwa, koma palafini, dizilo ndi madzi salola. Choncho chimagonja ndi ndodo yachitsulo yokankha pisitoni, imene imapindika, ndipo injini yonse imatsitsidwa. Mtengo wa zimenezo anautchula, koma mzere wa buku lino ndi waufupi.

Kuchotsanso mahita pulagi omwe anali atamangidwa kale, kuti zamadzizo zipeze potulukira: ulere, kupatula khungu la zala za alamu.

Kuzula waya wa pampu ya dizilo kuti isathirenso mafuta, ndi kuzunguza injini ndi sipanala kaye asanagwire sitata: ulere. Sipanala ndi ya aneba, ndipo ili pano mpaka lero.

Chitenje changa cha ku chinkhoswe: K9,000. Amakaniko anati pamabowo paikidwe chiguduli. Bambo a ana anayang'ana pa chingwe choyanikira zovala n'kugamula okha chimene chinali chiguduli.

Malaya oyera a alamu, omwe anawerama kuti aone ngati chikutuluka: K15,000. Chinatuluka.

Laimu wopakanso khoma la khitchini: K8,000.

Kutchajitsa batire, chifukwa sitata inazunguzidwa mpaka mabowo onse anauma: K1,500. Njinga yonyamula batireyo: K2,000.

Oyilo watsopano ndi fyuluta yake: K68,000. Palafini wina anadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kukasungunula oyilo pansi. Wakaleyo anali asanathe mwezi. Tsopano akupakidwa ku mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, koma sindinamulembe ku zolowa.

Kuchotsa mpweya m'mapaipi a dizilo, wina akupopa pa fyuluta, wina akumasula manati a pa manozo: nkhuku imodzi, ufa ndi tomato, K14,000. Ogwira ntchito anali awiri. Odya anali asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo mkulu wina amene anangonena kuti kale ankayendetsa thirakitala.

Sopo wochapiranso zovala za aneba, utsi woyera utadzaza bwalo lawo injini itayaka: K3,000. Amakaniko akuti utsiwo ndi wabwinobwino, zotsalira zikupsa. Aneba sakugwirizana nawo.

Makandulo, poti nyali ilibe palafini: K2,500.

Zonse pamodzi: K463,000.

Zolowa: ulendo umodzi wonyamula chimanga cha apongozi kupita ku chigayo. Anathokoza.