Ulemu Upite kwa Telesikopu Yokalamba

Pansi pano anthu atamanda zambiri. Atamanda mafumu, oimba, osewera mpira, ngakhale mafoni amene amafa chaka chisanathe. Koma pali nkhalamba ina imene yangokhala phee pamwamba pa makabati ndi kuseri kwa magalaja ku America, ku Britain ndi ku Japan, itadzola fumbi, mwendo umodzi uli wotsimphina, popanda woiponyera ngakhale liwu limodzi loyamikira. Nkhalambayi ndi telesikopu yakale, chitoliro choonera nyenyezi chimene chinapangidwa eni ake a lero asanabadwe. Lero ilandire ulemu wake, pamodzi ndi anthu olimba mtima amene amakhuthula malipiro awo kuigula, kuipukuta ndi kuisakira anzake.

Tiyambe ndi makolo, poti wamkulu satamandidwa osatchula kumene anachokera. Mu 1608, Hans Lipperhey, wopanga magalasi a maso ku Middelburg m'dziko la Netherlands, anapempha boma kuti limuzindikire kuti luso la chitolirochi ndi lake. Boma linakana, ati ena akulidziwa kale. Telesikopu inabadwira pa mkangano, ndipo mpaka lero sinasiye kuyambanitsa anthu. Chaka chotsatira Galileo wa ku Italy anapanga yakeyake, yoona pang'ono kwambiri moti Mwezi wathunthu sunkakwanamo. Mu Januwale 1610 inamuonetsa miyezi inayi ya Jupiter. Atailozetsa kwa Saturn, inamunong'oneza kuti pulanetiyo ili ndi tianzake tiwiri m'mbali. Mu 1612 tianzaketo tinasowa, Galileo n'kugwira njakata. Mpaka mu 1659 ndi pamene Christiaan Huygens anafotokoza kuti chimene chinkaonekacho ndi mphete yozungulira pulanetiyo. Ndi chida chiti china chimene chingapatse akatswiri chochita kwa zaka pafupifupi 50 ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino? Lero ku Florence, m'nyumba yosungiramo zinthu za Galileo, muli matelesikopu ake awiri, chala chake chenicheni, ndi galasi lake long'aluka limene analiika m'felemu ya mnyanga wa njovu. Aliyense amene anagula telesikopu n'kukapeza kunyumba kuti galasi lili ndi mng'alu asadandaule. Ali pa mzere umodzi ndi akuluakulu.

Magalasi oyambirira anali okonda zokongoletsa. Nyenyezi yoyera ankaiveka mkombero wofiira ndi wabuluu, chifukwa galasi limodzi silipinda mitundu yonse ya kuwala mofanana. Mankhwala a masiku amenewo anali kutalikitsa chitoliro. Johannes Hevelius, wofulula mowa wa ku Danzig, anatalikitsa chake mpaka mamita pafupifupi 45, n'kuchipachika pa mlongoti ndi zingwe. Pankafunika gulu la amuna kuti achidzutse, ndipo kamphepo kakangoti fuu, nyenyezi zonse zinkayamba kuvina. Amene amadandaula lero kuti telesikopu yawo imagwedera adziwe kuti kugwedera ndi chizindikiro cha banja lachifumu limeneli.

Nanga William Herschel, woimba wa ku Bath ku England? Akalilole a matelesikopu ake anali achitsulo chosakaniza mkuwa ndi tini, mtundu wa chitsulo chimene Isaac Newton anagwiritsa ntchito mu 1668. Chikombole chothiramo chitsulo chosungunukacho chinkaumbidwa ndi ndowe za akavalo, zosinja ndi kusefa, ndipo mlongo wake Caroline ankagwira nawo ntchito yonunkhayo. Tsiku lina chitsulo chamoto chinatayikira pansi, miyala ya pansi n'kuphulika, anthu liwiro kuthawira panja. Popukuta kalilole Herschel sankafuna kuchotsa manja, moti Caroline ankamudyetsa m'kamwa. Zotsatira zake, pa 13 Malichi 1781 anatulukira pulaneti ya Uranus ali kuseri kwa nyumba yake. Zitatero Mfumu George III inamupatsa ndalama, ndipo mu 1789 anamaliza chimphona cha mamita 12. Chimphonacho chinali cholemera kutembenuza, kalilole wake ankada msanga, ndipo mwini wake ntchito yambiri ankagwira ndi telesikopu yocheperapo. Polowa chaka cha 1840, mwana wake John atachigoneka pansi, banja linalowa m'kati mwa chitolirocho n'kuchiimbira nyimbo yotsanzika. Ndiuzeni firiji kapena wailesi imene inachitiridwapo mwambo wotere.

Zidzukulu za zimphonazi ndi zimene osonkhanitsa a lero amathamangira pa okushoni ndi pa eBay. Zambiri ndi timatelesikopu ta galasi la mamilimita 60, topangidwa ku Japan kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, n'kumagulitsidwa ku America pa mayina monga Tasco, Sears ndi Unitron, m'mabokosi aatali amatabwa. Ubwino woyamba wa telesikopu yotere ndi woti imaphunzitsa kudekha kuposa mlangizi aliyense. Miyendo yake itatu ndi yowonda. Ukakhudza kachitsulo kopotokola kuti chithunzi chioneke bwino, Jupiter amanjenjemera. Ukachotsa dzanja kuti adikhe, dziko limakhala latembenuka, Jupiter watuluka. Ukamusaka ndi katelesikopu kolondolera, umapeza kuti kakuloza kwina, ndipo ukakankhira kumanzere chithunzi chimathawira kumene sunayembekezere, poti zinthu m'menemo zimaoneka mozondoka. Girizi wa zaka 50 anauma gwa. Tigalasi toikapo diso ndi ta mainchi 0.965, pamene ta lero ndi ta mainchi 1.25, choncho chimene wagula m'sitolo sichilowa. Udzudzu ukudya akakolo, mame akutsika pa galasi, khosi lauma. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo ankanena za nkhono, imene sithawa. Kuona malamba a mitambo ya Jupiter m'chitoliro chogwedera kumafuna kudekha kwa mtundu wapamwamba.

Ubwino wachiwiri ndi woti imachiza msanga matenda okhulupirira zolembedwa pa bokosi. Ena mwa mabokosi a matelesikopu otchipa ankalonjeza kukuza zinthu ka 500 ndi kuposa, atajambulapo milalang'amba yamitundumitundu. Koma lamulo la kuwala silimva malonda. Telesikopu imakuza zinthu bwino mpaka pafupifupi kawiri pa milimita iliyonse ya galasi lake, ndiye ya mamilimita 60 imathera cha pa 120. Kupitirira apo umangokuza chibwibwi cha chithunzi. Mwana amene analandira mphatso yotere pa Khirisimasi anaphunzira usiku umodzi zimene ena amaphunzira atakwatira kale, zoti cholonjezedwa ndi cholandiridwa si pachibale. M'bokosi lomwelo munkakhalanso kagalasi kakuda kopotokolera kumene kuli diso, kolembedwa kuti n'koonera Dzuwa. Kamakhala pamalo pamene kutentha konse kumasonkhana, ndipo kamatha kung'aluka diso lili pomwepo. Wosonkhanitsa wanzeru amakasunga m'bokosi kuti katundu akhale wokwanira, osakayesa ngakhale kamodzi, chifukwa pa okushoni sipagulitsidwa maso.

Ubwino wachitatu ndi kuchereza alendo. Telesikopu yatsopano ndi youma mtima, yotseka paliponse. Yakale imalandira aliyense. Akangaude amamanga m'chitoliro. Dzimbiri limagona pa mabawuti. Chuku chimalowa pakati pa magalasi awiri, n'kutambasula timizu take, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene umathandiza galasi kulowetsa kuwala, n'kusiya chipsera chosapukutika. Magalasi ena akale anamatidwa ndi utomoni wa mtengo wa ku Canada, umene ukakalamba umachita chikasu n'kuyamba kumatuka m'mphepete. Akalilole amasuwa, n'kumafuna kutumizidwa kutali kuti akawakutenso ndi aluminiyamu, pamtengo umene nthawi zina umaposa wa telesikopuyo. Ndipo nthawi zonse pamasowa kabawuti kamodzi. Kabawutiko mano ake ndi a muyeso wakale umene amahadiweya sasunganso. Njira yodalirika yokapezera ndi kugula telesikopu ina ya mtundu womwewo. Ikafika, umaona kuti ndi yabwino kwambiri moti kuiphwasula kungakhale tchimo, ndiye umagula yachitatu. Umu ndi mmene munthu wamba amasandukira wosonkhanitsa, osadziwa tsiku limene zinayamba. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusi ameneyu amagwera pa mabokosi onunkhira vanishi wakale, akumwetulira.

Ubwino wachinayi ndi maphunziro. Munthu amene anathawa phunziro la mbiri kusukulu, telesikopu yakale imamubweza m'kalasi. Amagwada ndi tochi kufunafuna kachizindikiro kakang'ono ka fakitale ya ku Japan, monga chilembo T m'kati mwa kabwalo, chimene chimasonyeza kampani ya Towa. Amadziwa kuti Celestron C8 ya mtundu wa lalanje inatuluka mu 1970, ndipo amawerenga nambala yake mwamantha, poti osonkhanitsa amakayikira zopangidwa m'nyengo ya nyenyezi ya mchira ya Halley cha mu 1986, pamene ogula anachuluka mafakitale n'kumathamanga. Amafotokoza mosapuma za Telementor ya kampani ya Zeiss ku Jena, ya mamilimita 63, imene inapangidwira masukulu a ku East Germany, kumene phunziro la zakuthambo linali lokakamiza. Ndipo amene safuna kuwerenga, telesikopu imamuphunzitsa ndi ndodo. M'misika ya zinthu zakale mwadzaza timatelesikopu tonyezimira tolembedwa kuti Kelvin & Hughes, London, 1917. Kampani ya Kelvin & Hughes inapangidwa mu 1947. Chitoliro chimene chinatuluka m'fakitale zaka 30 fakitaleyo isanakhaleko n'chozizwitsa chosafunika kuchinyoza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma nyerere zimenezi zaphunzitsa mbiri anthu ambiri kuposa mabuku.

Pali adani, ndipo tisawabise. Mtsogoleri wawo anali John Dobson wa ku San Francisco, amene ankapanga matelesikopu akuluakulu ndi magalasi a mawindo a sitima zapamadzi, mapaipi a makatoni ndi mapulanga, n'kumaimika anthu m'misewu kuti aone Mwezi kwaulere. Otsatira ake amanena kuti telesikopu yatsopano ya mtundu wake, ya kalilole wa mamilimita 200, imasonkhanitsa kuwala kasanu kuposa telesikopu ya Questar ya mamilimita 89, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi madola masauzande amene Questar yakale imadya. Masamu awo ndi oona. Cholakwa chawo n'choganiza kuti telesikopu ntchito yake ndi kuonera nyenyezi. Questar, imene inayamba kugulitsidwa mu 1954, ili ndi mapu a nyenyezi ojambulidwa pathupi pake penipeni. Mwini wake amaona magulu a nyenyezi ali pampando, nyale ikuyaka, tiyi ali m'manja, kunja kukugwa mvula.

Apa ndiye pagona ubwino waukulu koposa. Telesikopu yakale imapulumutsa munthu ku thambo. Thambo ndi lozizira, lakutali, ndipo limakumbutsa munthu kuti ndi kachinthu kochepa. Woyamba kumene amatuluka usiku uliwonse wopanda mitambo, n'kumabwera ndi chimfine. Akakhala ndi matelesikopu atatu, amatha theka la usiku akusankha yoti atulutse. Akafika pa khumi, satulutsanso iliyonse, chifukwa mame angawononge utoto woyambirira, ndipo telesikopu yopentedwanso imatsika mtengo. Chikondi chimene chinayambira pa mphete za Saturn chimakathera pa utoto, pa mabawuti ndi pa kabuku ka malangizo kamene masamba ake onse alipo. Mkazi wake amadziwa kumene bambo ali usiku uliwonse: ali m'galaja, akupukuta. Ndi mowa uti, ndi mpira uti, umene unasungapo banja chonchi?

Pomaliza, nkhalambayi siifa. Telesikopu yaikulu ya ku Melbourne ku Australia, yopangidwa ndi Thomas Grubb ku Dublin, inaimikidwa mu 1869 ndipo inakhumudwitsa ambiri, poti kalilole wake wachitsulo ankavuta ndipo mphepo inkaigwedeza. Pambuyo pake inasamutsidwira ku Mount Stromlo, kumene moto wolusa wa mu Januwale 2003 unaipsereza. Chinthu china chilichonse chikanagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Koma zotsala zake zinabwerera ku Melbourne, ndipo anthu ongodzipereka atha zaka zambiri akuyeza ndi kusula zitsulo zosowa kuti iimenso. Inavutitsa agogo, ikuvutitsa zidzukulu, ndipo onse akuithokoza.

Zing'onozing'ono nazo zili ndi njira yawo yosafera. Wosonkhanitsa akatsikira kuli chete, abale amakangana za nyumba, za galimoto, ngakhale za mipando. Pa mabokosi aatali a m'galaja palibe amene amatambasula dzanja. Ndi chuma chokhacho cha masiye chimene sichinapititsepo anthu kubwalo la milandu. Ana amachiika panja Loweruka lina pamtengo wongotaya, ndipo kumabwera bambo wina wofatsa amene amatsegula bokosi manja akunjenjemera, n'kulipira msangamsanga asanasinthe maganizo. Amapita kwawo akusekera m'mimba kuti wawapusitsa. Sanaonebe kuti pa mwendo wachitatu pakusowa kabawuti.